Muyezo wa ozimitsa moto usatsike, koma uyeze ntchito yeniyeni

Chithunzi cha mtsikana atavala yunifolomu ya ozimitsa moto chikangoikidwa pa Facebook, simuchedwa kuona ndemanga yomweyomweyo. Wina amalemba kuti, "Nyumba itayaka ine ndili mkati, ameneyu angandinyamule?" Pansi pake pamabwera gulu loseka, kenako gulu lokwiya, ndipo pofika madzulo anthu amakhala atanyozana mokwanira, funso lija osayankhidwa. Ine ndikuona kuti funsolo ndi labwino ndithu. Munthu amene wakomoka ndi utsi m'chipinda ali ndi ufulu woyembekezera kuti wobwera kudzamutenga ali ndi mphamvu zomutulutsira panja. Chimene chimandivuta n'choti funsoli timangolifunsa tikaona mkazi, ndipo timaliyankha poyang'ana chithunzi basi.

Ndineneretu maganizo anga. Pa ntchito zopulumutsa anthu pangozi, mayeso a mphamvu akhale amodzi kwa mwamuna ndi mkazi. Koma mayesowo achokere pa zimene ntchitoyo imafunadi, ndipo aliyense aziwabwereza, ngakhale bwana amene watha zaka 20 pantchito. Mfundo zitatuzi zimayendera limodzi. Mukachotsapo imodzi, mwina mupha munthu, mwina mutsekera khomo munthu woyenera.

Tiyambe ndi zimene ena safuna kumva. Matupi a amuna ndi akazi ndi osiyana. Mnyamata akatha msinkhu, mahomoni a testosterone amamukulitsa minofu ndi mafupa, makamaka m'mikono, m'mapewa ndi pachifuwa. Amuna ambiri alinso ndi mtima wokulirapo komanso magazi onyamula mpweya wa okosijeni wochulukirapo. M'miyendo kusiyanaku kumachepako, koma kulipo. N'chifukwa chake pa masewera a nkhonya, othamanga ndi a mpira, amuna amapikisana paokha, akazinso paokha. Ndiye mukaika mayeso olimba okoka ndi kunyamula zinthu zolemera, amuna opambana adzachuluka kuposa akazi. Izi si zochititsa manyazi, ndipo wolimbikitsa ufulu wa amayi sapindula kanthu pozikana.

Komatu ofesi ya ozimitsa moto silemba ntchito "amuna ambiri" kapena "akazi ambiri". Imalemba munthu mmodzi, wokhala ndi dzina lake ndi thupi lake. Mwa anyamata amene amalemba ndemanga zonyoza zija, ndi angati angalimbane ndi Temwa Chawinga pa liwiro kwa mphindi 90? Mu 2024 mtsikana ameneyu anamwetsa zigoli 20 mu ligi ya ku America ndipo anasankhidwa kukhala wosewera bwino kuposa onse. Alipo amuna amene akakwera masitepe a nyumba yosanja kawiri amayamba kupuma ngati athamangitsidwa ndi galu, ndipo alipo amayi kumudzi amene amasenza ndowa ya malita 20 kuchokera kudambo, mwana ali kumbuyo, tsiku ndi tsiku. Mawu aja oti ng'ombe yaikazi sikoka ngolo amatipatsa ulesi woganiza. Ngati mukufuna kudziwa kuti ng'ombe ikoka kapena ayi, imangeni pangolopo muone.

Kumanga pangolo kumeneku kulipo kale. Madera ambiri a ku America ndi Canada amagwiritsa ntchito mayeso otchedwa CPAT polemba ozimitsa moto. Munthu amavala chovala cholemera makilogalamu 22.7, chomwe chimaimira zovala ndi silinda ya mpweya zimene amavala polowa m'moto. Kulemera kumeneko ndi kwa ndowa ija ya malita 20 ndi kenakake pamwamba. Amayamba ndi kukwera masitepe 60 pa mphindi iliyonse kwa mphindi zitatu, atamuwonjezera makilogalamu ena 11 pamapewa. Akatsika apo amakoka payipi, kunyamula macheka olemera, kuimika makwerero, kumenya ndi nyundo ngati akuthyola chitseko, kukwawa m'kanjira kamdima, kukoka chidole cholemera pafupifupi makilogalamu 75, ndipo pomaliza amabowola ndi kukoka denga ndi ndodo yachitsulo. Chidolecho mungachiyerekeze ndi thumba limodzi ndi theka la chimanga. Zigawo zonse 8 zimayenera kutha mu mphindi 10 ndi masekondi 20. Palibe nthawi ya amuna ndi nthawi ya akazi, palibenso nambala wani kapena nambala teni. Wakhoza kapena walephera, basi.

Chilichonse pa mayeso amenewa ndi chinthu chimene munthuyo adzakumana nacho tsiku la ngozi. Apa ndi pamene sindigwirizana ndi aja amati akazi awachepetsereko. Chidole cha makilogalamu 75 mungachipepule pa mayeso, koma bambo amene wakomoka kubafa simungamupepule. Ndipo nthawi zina wofunika kukokedwayo amakhala mnzako wapantchito amene denga lamugwera, atavala zida zake zonse zolemera zija. Ozimitsa moto amalowa m'nyumba yoyaka awiriawiri, aliyense akudalira kuti zikavuta mnzake amutulutsa. Silinda ya mpweya nayo ili ndi malire, ndipo munthu amene watopa msanga amapuma kwambiri, mpweya wake n'kutha msanga. Ukamulowetsa munthu pa muyezo wotsika, woyamba kumuika pachiswe ndi iye mwini, kenako mnzake, kenako wodikira kupulumutsidwa uja.

Pali chinanso chimene muyezo wotsika umawononga, ndicho ulemu. Mtsikana amene wakhoza mayeso ofanana ndi a wina aliyense amatha kuyankha wonyoza aliyense ndi mawu ochepa: chidole chomwe unakoka iwe, ndi chomwe ndinakoka ine. Koma pakangokhala khomo lapadera la akazi, ngakhale amene akanadutsa pa khomo lalikulu amayamba kukayikiridwa. Anthu amanong'onezana kuti ameneyu anangolowa chifukwa cha jenda. Moyo wake wonse wapantchito amakhala akulipira ngongole imene sanatenge. Walira mvula walira matope, ndipo atsikana ambiri amene amafunadi ntchitozi matopewo sawaopa. Chimene amapempha ndi choti mayesowo akhale achilungamo.

Apa tsopano ndi pamene anyamata aja ayenera kumvetsera, chifukwa si mayeso onse olimba amene ali olondola. Mu 1977 mzinda wa New York unalola akazi kwa nthawi yoyamba kuyesa mwayi wa ntchito yozimitsa moto. Akazi pafupifupi 90 anafika pa mayeso a mphamvu, ndipo onse analephera. Mmodzi mwa iwo, Brenda Berkman, yemwe panthawiyo ankaphunzira zamalamulo, anakasuma kukhoti. Mu 1982 khoti linagamula kuti mayesowo sankayeza zimene ntchitoyo imafuna, ndipo akazi pafupifupi 40 analowa ntchito atayesedwa mwatsopano. Berkman anachotsedwa ntchito chaka chotsatira, khoti n'kumubwezeretsa. Anagwira ntchitoyo mpaka 2006, n'kupuma ali kaputeni, ndipo anali m'gulu la omwe anathamangira ku World Trade Center pa 11 September 2001, tsiku limene ozimitsa moto 343 a mumzindawo anafa. Mayeso oyamba aja ananena kuti mayi ameneyu sangathe ntchito. Zaka zoposa 20 zimene anagwira zinanena zina.

Nkhani imene imandiphunzitsa kwambiri ndi ya Tawney Meiorin wa ku Canada. Iye ankazimitsa moto wa m'nkhalango m'chigawo cha British Columbia, ndipo anagwira ntchitoyo zaka zitatu popanda dandaulo pa kagwiridwe kake. Kenako boma linabweretsa mayeso atsopano anayi. Atatu anakhoza. Otsalawo anali othamanga makilomita 2.5 mu mphindi 11, ndipo iye anachedwa ndi masekondi 49. Ntchito inathera pomwepo. Nkhaniyi inafika kubwalo lalikulu la milandu la dzikolo, ndipo mu 1999 oweruza onse anagwirizana kuti boma linalakwa. Umboni unasonyeza kuti mwa amuna 100 alionse, pakati pa 65 ndi 70 ankakhoza kuthamangako pa ulendo woyamba, pomwe mwa akazi 100 ankakhoza 35 okha. Koma chimene chinagwetsa boma si kusiyana kwa manambalaku pakokha. Boma linalephera kusonyeza kuti munthu wothamanga mtunda umenewo mu mphindi 11 ndi masekondi 49 sangazimitse moto bwinobwino.

Tamvetsani bwino mmene vutoli linabwerera, chifukwa palibe amene anakhala pansi n'kunena kuti tiyeni tiwapondereze akazi. Akatswiri amene anakonza mayesowo anayeza anthu, ambiri mwa iwo amuna, n'kuona mmene matupi awo ankagwiritsira ntchito mpweya pogwira ntchitoyo, kenako n'kutenga zimenezo ngati muyezo wa aliyense. Kunena kwina, anayeza amuna amene analipo, n'kuganiza kuti ayeza ntchito. Khoti linapereka mafunso atatu amene olemba ntchito ku Canada amayankhabe mpaka lero. Kodi muyezowu ukukhudzana ndi ntchitoyo? Kodi unaikidwa ndi mtima wabwino? Nanga kodi ndi wofunikadi, moti palibe njira ina yochitira popanda kubweretsa mavuto aakulu? Muyezo wolimba umene wayankha mafunso amenewa ukhale, ngakhale utagwetsa akazi ambiri. Umene walephera kuyankha uchoke, ngakhale anthu atauzolowera bwanji.

Mwina wina afunsa kuti, nanga bwanji m'maiko ambiri asilikali ndi apolisi amapatsa akazi nthawi yotalikirapo pothamanga? Yankho lake n'loti pali mitundu iwiri ya mayeso, ndipo timaisokoneza. Mtundu woyamba umafunsa ngati munthu akusamala thupi lake molingana ndi msinkhu komanso chibadwa chake. Pa umenewu manambala akhoza kusiyana, monga mmene amasiyanira pakati pa wazaka 22 ndi wazaka 50. Bungwe la FBI ku America linkafuna mapushapu 30 kwa amuna ndi 14 kwa akazi. Mkulu wina, Jay Bauer, anapanga 29, n'kulephera, ndipo anakasuma kuti akusalidwa chifukwa ndi mwamuna. Mu 2016 khoti la apilo linanena kuti manambala osiyana ndi ololedwa ngati akuyeza thanzi lofanana. Mtundu wachiwiri umafunsa ngati munthu angathe kugwira ntchito inayake, monga kukoka wovulala kapena kuimika makwerero. Pa umenewu palibe zokambirana. Ndipo nkhani ya Bauer ikutionetsa kuti nambala imene sinachokere pa ntchito imakhala yovuta kuiteteza, kaya wagwa nayo ndi mwamuna kapena mkazi. Pushapu imodziyo ikanapulumutsa ndani?

Tsopano tifike pa mfundo imene okonda kunyoza atsikana amaidumpha. Mayeso a tsiku lolowa ntchito amanena za thupi la tsiku limenelo. Mnyamata amene anakhoza ali ndi zaka 21 akhoza kufika zaka 45 ali ndi mimba yotsogola, shuga ndi BP, koma dzina lake likadali pa mndandanda wa olowa m'moto. Ku America, m'zaka zambiri, chimene chapha ozimitsa moto ochuluka ali pantchito ndi mtima kuima mwadzidzidzi. Kutentha, zovala zolemera, mantha ndi kugwira ntchito yakalavulagaga mwadzidzidzi, zonsezi zimapanikiza mtima. Ndiye ngati nkhawa yathu ilidi pa munthu wokomoka m'chipinda uja, tiyenera kufuna kuti aliyense wolowa m'moto aziyesedwa chaka ndi chaka, ndipo wolephera apatsidwe nthawi yokonza thupi kapena ntchito ina yosalowa m'moto. Amene amakuwa za muyezo akaona mtsikana, n'kukhala chete akaona mkulu wopuma movutikira, asatinamize kuti akudera nkhawa chitetezo chathu.

Mafilimu nawo atisokoneza mitu. Timaganiza kuti kupulumutsa munthu ndi kumuponya paphewa n'kutuluka naye moto ukulilima kumbuyo. Zoona zake, utsi ndi kutentha zimakwera m'mwamba, choncho opulumutsa amayenda chokwawa ndipo wovulala amamukoka pansi, kawirikawiri ali awiri. Mutu umodzi susenza denga. Luso, kupirira ndi kudziwa kusunga mpweya zimawerengedwa limodzi ndi mphamvu. Zida nazo zili ndi mbali yake. Kwa zaka zambiri majombo, magolovesi, zipewa ndi masiki a mpweya zinkapangidwa poyeza thupi la mwamuna. Masiki osagwira bwino nkhope amalowetsa utsi, ndipo magolovesi aakulu amalepheretsa kugwira bwino chida. Ukamupatsa mtsikana jombo zomukulira kenako n'kunena kuti akuchedwa pa makwerero, wayeza jombozo.

Ndipo ngakhale atakhoza zonse, mayeso ena amamudikira kusiteshoni. Mu 2022 kafukufuku amene anatsogolera Nazir Afzal anapeza kuti mchitidwe wonyoza akazi ndi wosankhana mitundu unazika mizu mu London Fire Brigade. Izi zinapezeka patangotha zaka zochepa bungweli litatsogoleredwa ndi mkazi koyamba, Dany Cotton, amene anakhala mkulu wake mu 2017. Pa nthawiyo ku England ndi ku America, akazi sankakwana 10 mwa ozimitsa moto 100 alionse. Mbali ina ya kuchepaku ikuchokera ku thupi, ndavomera kale. Koma mbali ina ikuchokera ku atsikana amphamvu zawo amene amaona mmene anzawo akuchitiridwa, n'kusankha ntchito ina.

Mwina mukuti izi ndi za kunja, zikutikhudza bwanji? M'mwezi wa March 2023, namondwe wa Freddy anapha anthu oposa 1,000 m'dziko muno. Ku Chilobwe, matope ndi miyala zochokera m'phiri la Soche zinakwirira nyumba, ndipo anthu ankakumba ndi makasu ngakhalenso ndi manja kufunafuna abale awo, limodzi ndi asilikali, apolisi ndi a Red Cross. Kuwonjezera apo, misika yathu imapsa kawirikawiri, ngozi zapamsewu sizikutha, ndipo m'mizinda nyumba zosanja zikuchuluka. Dziko lotere likufunika anthu ambiri ophunzitsidwa bwino ntchito yopulumutsa anzawo, kuposa amene tili nawo. Kutaya munthu woyenera chifukwa ndi mkazi ndi kuwononga. Kulemba munthu wosayenera kuti manambala aoneke bwino mu lipoti ndi kuwononganso.

Lamulo lathu la Gender Equality Act la 2013 limati polemba anthu ntchito m'boma, amuna kapena akazi asachepere 40 ndiponso asapitirire 60 pa anthu 100 alionse. Lamulo lomwelo limavomereza kuti izi sizikakamizidwa pamene wofunsira ntchito alibe zomuyenereza. Ine ndimaliwerenga ngati lotituma kukafunafuna atsikana oyenera ndi kuwakonzekeretsa. Njira yachidule yofikira pa 40 ndiyo kutsitsa muyezo, koma imeneyo ndi yaulesi ndipo ndi yoopsa. Njira yeniyeni ndi yotenga nthawi: kupita m'masukulu ndi m'matimu a netibo ndi mpira, kuuza atsikana kuti ntchitoyi ilipo, ndi kuwaonetsa zimene adzayesedwe. Pa CPAT paja, ofuna ntchito amapatsidwa mwayi wokaona zida ndi kuyeserera kuyambira masabata 8 mayeso asanafike. Mwayi umenewo ndi wa aliyense, koma umathandiza kwambiri amene sanagwirepo nyundo yaikulu kapena makwerero, chifukwa zambiri mwa zigawozo zimafuna luso lomwe munthu amachita kuphunzira.

Choncho pempho langa kwa makhonsolo a mizinda, omwe amayang'anira ozimitsa moto, komanso kwa onse olemba anthu ntchito zopulumutsa, ndi losavuta. Lembani poyera zimene munthu adzayesedwe, kulemera kwake ndi nthawi yake, kuti aliyense aziwerenge pafoni pake miyezi ingapo tsikulo lisanafike. Pa chigawo chilichonse, khalani okonzeka kufotokoza kuti chikuimira ntchito iti. Yesani onse pamalo amodzi, anthu akuona, ndi wotchi imodzi. Gulani zida zokwana matupi a amene mwawalemba. Ndipo bwerezani mayesowo kwa onse amene ali kale pantchito. Mayeso ochitikira poyera amatsekanso khomo lina limene tonse timalidziwa, lija la mwana wa achimwene a bwana. Khomo limenelo ndi limene limatsitsa muyezo mwakachetechete, ndipo silifunsa ngati wolowayo ndi mnyamata kapena mtsikana.

Kwa iwe mchemwali amene ukulakalaka ntchito imeneyi, usadikire kuti wina akuchitire chifundo, ndipo akakupatsa khomo lapambali ulikane. Yamba kukonzekera panopa. Miyendo ndi msana ndiye chuma chako, koma mikono ndi mphamvu ya kugwira kwa manja ndi zimene zimagwetsa atsikana ambiri, choncho uzilimbikire kwambiri. Thumba la mchenga, chingwe, tayala lakale ndi phiri lapafupi ndi zokwanira poyambira, ndipo uziwonjezera kulemera pang'onopang'ono kuti usadzivulaze. Nawenso achimwene, ngati ukukhulupirira kuti ntchitoyi ndi yako mwachibadwa, tenga ndowa ya malita 20 uikwezere pa masitepe kwa mphindi zitatu osaima, kenako ukoke thumba ndi theka la chimanga mtunda wa mamita 20. Ukamaliza, udzadziwa ngati wakonzeka kapena ukufunika miyezi ina itatu yolimbitsa thupi.